Buku limene linandigwetsa kawiri, ndi zimene linadzutsa pa khonde langa ku Ulongue

Ndimaphunzitsa Chingelezi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Angónia, ku Mozambique. Chingelezicho ndinachiphunzira kutsidya kwa malire. Mu 1986 nkhondo itafika povuta, amayi anatitenga n'kuthawira nafe ku Dedza, ine ndili ndi zaka 7, ndipo tinabwerera kwathu mu 1993, mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti kuwerenga sindinakuyambe dzulo. Komabe pali buku limodzi limene linandigwetsa kawiri, linandidanitsa ndi mnzanga wa kuubwana kwa miyezi inayi, ndipo linandidyera ndalama zimene ndikanagula matumba a feteleza. Ndikulemba kuti wina amene angalitole, kapena lina la mtundu wake, asadutse m'minga imene ndinadutsamo ine.

Ndinaligula mu Epulo 2022 ku Lilongwe. Ndinadzera pa chipata cha Calómuè kukaona m'bale wodwala, ndipo pobwerera ndinaima pa mnyamata wina amene anayala mabuku akale pa chiguduli m'mbali mwa msewu. Panali buku lonenepa, chikuto chake chomatidwa ndi tepi, lotchedwa Gardens of the Moon, lolembedwa ndi Steven Erikson. Ananena mtengo wa makwacha 3,000, tinagwirizana 2,500. Basi inali itayamba kuliza hutala, choncho ndinangoliponya m'chikwama osalitsegula. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Masamba oyambirira anali atathothoka, ndipo ndinadzazindikira patapita miyezi itatu kuti amene anasowawo ndi omwe munali mapu ndi mndandanda wa mayina a anthu onse a m'nkhaniyo. Mukamagula buku lakale la mtundu uwu, tsegulani kutsogolo ndi kumbuyo musanapereke ndalama. Mapu ndi mndandanda wa mayina si zokongoletsera. Kwa buku ngati ili ndi ndodo ya munthu woyenda usiku.

Kwa amene sanakumanepo ndi mabuku otere: ndi nthano zazitali za dziko lopeka, lokhala ndi maufumu ake, milungu yake, matsenga ake ndi nkhondo zake. Ili linatuluka mu 1999 ndipo ndi loyamba pa mabuku 10 a Malazan Book of the Fallen. Lomaliza linatuluka mu 2011. Wolembayo ndi wa ku Canada, anaphunzira ntchito yofukula zinthu zamakedzana ndi yofufuza chikhalidwe cha mitundu ya anthu, ndipo dziko la m'bukumo analipeka pamodzi ndi mnzake Ian C. Esslemont posewera masewera a pa tebulo omwe anthu amapeka nkhani limodzi. Ndiye kuti pamene ankalemba tsamba loyamba, dzikolo linali kale ndi mbiri yake yaitali m'mutu mwake. Iye saima kuti akufotokozereni. Amakulowetsani ngati mlendo amene wafika pa bwalo mlandu uli pakati, anthu akutchulana mayina ndi kukumbutsana zakale zimene inu simunazione.

Ulendo woyamba ndinawerenga ndekha usiku. Nkhani imayamba ndi kamnyamata kali pamwamba pa linga, kakuyang'ana mbali ina ya mzinda ikupsa, kakucheza ndi msilikali. Ndinati eya, uyu ndiye mwini nkhani. Kutembenuza tsamba, zaka 7 zadutsa, tili m'mbali mwa nyanja ndi kamtsikana ka msodzi. Agalu akuluakulu atulukira n'kupha gulu lonse la asilikali. Ndisanapume, zaka zina 2 zadutsa, tili kudziko lina kunja kwa mzinda wa Pale, mitembo ili mbwee, phiri likuyandama m'mlengalenga, ndipo anthu akukangana za kusakhulupirika kwa munthu amene sindinamuonepo. Ndinafika pa tsamba 80 ndili ndi mayina oposa 30 m'mutu, osadziwa woipa ndani, wabwino ndani. Ndinalitseka n'kuliika pamwamba pa kabati.

Linakhala pamenepo mwezi wathunthu. Zinkandiwawa mumtima nthawi zonse ndikaliona, chifukwa ine ndi munthu amene ndimauza ana a sukulu kuti buku silithawidwa. Mu Juni ndinalitsitsa, ulendo uno ndi kope, bolopeni yofiira ndi dikishonale, ngati ndikukonzekera mayeso. Liwu lililonse lachilendo ndinkalifufuza. Pali liwu lina limene limabwera pafupifupi tsamba lililonse, lakuti Warren. Dikishonale inandiuza kuti ndi mauna a akalulu. Ndinakhala usiku wonse ndikuyesa kumvetsa kuti amatsengawo akutsegula bwanji una wa akalulu pakati pa nkhondo. Chonsecho m'bukumo liwulo likutanthauza malo ena osaoneka kumene wamatsenga amatungako mphamvu, omwenso angathe kudutsamo ngati njira yachidule. Ndipo kumbuyo kwenikweni kwa buku langa lomwelo kunali masamba ofotokoza mawu oterewa, amene sanathothoke. Sindinawaone chifukwa ndinkaopa kutsegula kumapeto kuti ndingadziwiretu mathero. Dikishonale siithandiza pa mawu amene wolemba wawapatsa tanthauzo lake. Yang'anani kumbuyo kwa buku, ndipo ngati kulibe, pitirizani kuwerenga, tanthauzo limadzaoneka pa kagwiritsidwe ntchito kake.

Ulendo wachiwiriwu ndinafika pa mutu 5, pamene nkhani imasiya anthu onse amene ndinavutika kuwaloweza n'kusamukira ku mzinda wina, Darujhistan, kwa mbava, zigawenga zoyenda pa madenga ndi anthu a m'nyumba ya mowa. Ndinakwiya kwenikweni. Ndinamva ngati munthu amene walima munda wonse kenako auzidwa kuti munda wake ndi winawo. Ndinalitsekanso.

Maganizo oitana anzanga anabwera chifukwa cha manyazi, ndinene zoona. Ndinkafuna anthu ondithandiza kusenza, komanso pansi pa mtima ndinkafuna kuona ngati enanso angalephere. Tinakumana koyamba Loweruka lina mu Julaye, pa khonde langa, kukuzizira mmene kumazizirira kuno nyengo imeneyo, mbaula ili pakati. Tinalipo asanu. Panali Nangozo, mphunzitsi mnzanga wa Chipwitikizi amene tinakulira limodzi ku Dedza. Panali aChisale, namwino. Panali msuweni wanga wamng'ono amene amaphunzira za ulimi pa nthambi ya yunivesite ya UniZambeze ya kuno ku Ulongue. Ndipo panali aMbewe, bambo wachikulire woyandikana nane nyumba, mlimi wa mbatata ya kachewere, amene anali msilikali nthawi ya nkhondo. AMbewe Chingelezi sachimva kwenikweni. Anabwera chifukwa anaona moto ndi anthu, ndipo anati angokhala nawo.

Powaitana ndinawauza kuti ndi nthano chabe, ngati zija za agogo za kalulu ndi fisi koma yaitali. Uku kunali kulakwitsa kwachiwiri, ndipo kunali kwakukulu kuposa koyamba. Ndinali nditawerenga kale mitu inayi, ndinkadziwa zimene zili m'menemo, koma ndinabisa poopa kuti akana.

Poyamba ndinkawerenga ndime m'Chingelezi n'kuimasulira m'Chichewa. Maola awiri ankatha tili pa masamba 15 okha, ndipo bukulo lili ndi masamba oposa 600. AChisale ndi amene anawerengetsa n'kunena kuti pa liwiro limeneli tidzamaliza chaka chamawa nthawi yokolola. Tinasintha. Buku linkayenda m'manja mwa ife anayi odziwa Chingelezi, aliyense tsiku limodzi kapena awiri, mutu umodzi pa sabata, ndipo Loweruka mmodzi ankafotokoza mutuwo m'Chichewa, ena n'kumamukonza. Mitu ilipo 24. Njira imeneyi ndi imene ndingalimbikitse aliyense amene ali ndi buku limodzi koma owerenga ambiri, chifukwa pofotokozera munthu amene sanawerenge m'pamene umazindikira zimene wamva ndi zimene umangoganiza kuti wamva.

Sabata yachitatu ndi pamene zinthu zinaipa. Tinali titadutsa pamene mulungu wina amalowa m'thupi la kamtsikana ka msodzi n'kukasandutsa wakupha, pamene mzimu wa wamatsenga wovulala umasamutsidwira m'chidole, ndiponso pamene mayi wina amaombeza ndi makadi. Nangozo anali chete nthawi yonseyi, manja ali m'chitenje. Nditamaliza kufotokoza anati, "Achimwene, munatiuza kuti ndi nthano. Izi ndi za kwa sing'anga. Mwana wa eni ake kulowedwa chiwanda, inu n'kumafotokoza mukumwetulira?"

Ndikanayankha bwino. Ndikanati pepani mlongo wanga, ndinalakwa posakuuzani. M'malo mwake ndinati, "Ngati buku lakukulirani ingonenani, musabisale ku tchalitchi." Mawu amenewo anatuluka chifukwa buku linali litandikulira ine, ndipo zinandikomera kuona wina ali pansi panga. Choipitsitsa n'chakuti ndinkadziwa bwino lomwe kuti mwana wa mchimwene wake anadwala zaka ziwiri matenda amene abale ena ankati ndi mizimu, ndipo banja lawo linagawanika pa nkhaniyo. Nangozo sankalankhula za buku. Anaimirira, anatsanzika aMbewe mwaulemu, ine osandiyang'ana, n'kumapita.

Kwa miyezi inayi tinkadutsana m'chipinda cha aphunzitsi ngati alendo. Panthawi yomweyo mphekesera inayamba kuti aphunzitsi a Chingelezi amasonkhanitsa anthu Loweruka kuwerenga mabuku a ufiti. Sinachokere kwa Nangozo, ndinadzatsimikiza pambuyo pake. Mwana wina wa sukulu anaona chikuto cha bukulo pa desiki panga n'kukanena kwawo. Akuluakulu a pa sukulu anandiitana, ndinawafotokozera, anamvetsa, koma anandipempha kuti ndisamabwere nalo kuntchito. Mayi a kunyumba kwanga nawonso anafunsidwa kumsika. Sizinali zazikulu, koma kuno tauni ndi yaing'ono, ndipo mawu akuti ufiti akakumatirira sachoka msanga. Amene mukufuna kuyambitsa gulu lotere kuno kwathu, nenani poyera tsiku loyamba kuti m'bukumo muli matsenga, milungu yambiri, kuombeza ndi kuphana. Wosafuna akane asanakhale pansi. Ndipo likutireni buku lanu ndi pepala.

Tinatsala anayi, ndipo ine mtima unali utachoka. AChisale ankadandaula sabata iliyonse kuti wolembayu sadziwa kulemba, chifukwa munthu wodziwa kusimba amayamba ndi kukuuza kuti uyu ndi mwana wa uje, kwawo ndi kwakuti. Chinanso chimene chinkawanyansa n'chakuti munthu amabayidwa, iwo n'kumulira, masamba angapo kutsogolo wadzuka. "Ine ndimagwira ntchito m'chipatala," ankatero, "wakufa sadzuka. Akamawadzutsa chonchi ndiziwamveranji chisoni?" Msuweni wanga yekha ndi amene ankasangalala, koma iye ankathamangira pomwe pali nkhondo, zokambirana za anthu n'kumazidumpha.

Amene anatitembenuza ndi aMbewe, munthu amene sanagwirepo bukulo m'manja. Linali Loweruka la mu Sepitembala. Ndinkafotokoza za kagulu ka asilikali otchedwa Bridgeburners, amene atsala ochepa, atumizidwa ku mzinda wa adani ndi malamulo ooneka ngati akufuna kuti akafere komweko. Ndinaima n'kunena kuti chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mpaka pano sindikudziwa chimene mfumukazi yawo Laseen ikufuna, ndiponso amene akuwapereka ndani. AMbewe anasonkhezera makala ndi kamtengo, kenako anafunsa kuti, "Nanga sajeni wawoyo, Whiskeyjack, akudziwa?" Ndinati ayi, nayenso akungoganizira. Anati, "Ndiye inu aphunzitsi mukufuna kudziwa kuposa munthu amene ali m'katimo?"

Kenako anatiuza zimene sanatiuzepo zaka zonse takhala moyandikana. Anati usiku wina ku Tete anawakweza m'lole, anawoloka mlatho wa pa Zambezi, osauzidwa kumene akupita. Anayenda mpaka m'bandakucha. Ena ankati tikupita ku Macanga, ena ankati ku Mutarara, wina ankati atigulitsa. Palibe amene ankadziwa za akuluakulu a ku Maputo. Chimene aliyense ankadziwa ndi nkhope ya sajeni wake, amene ali kumanja kwake, ndi amene sayenera kumupatsa msana. "Mmene mukufotokozeramo," anatero, "ndi mmene zinalili ndendende. Munthu ameneyu walemba zoona. Mukanandiuza nkhani ya nkhondo imene msilikali akudziwa zonse, ndikanapita kukagona."

Ndinagona mochedwa usiku umenewo. Miyezi isanu yonse ndinkaona kusamvetsa kwanga ngati umboni woti ndalephera kapena woti wolembayo walephera. Sindinaganizepo kuti mwina waika dala wowerenga pamalo a msilikali wamba. M'mabuku osindikizidwa pambuyo pake, Erikson anawonjezeramo mawu oyamba ovomereza kuti sanafune kufewetsa chiyambi cha nkhaniyi. Kaya anachita bwino pamenepo, anthu amatsutsana, ndipo aChisale mpaka lero amati ndi kudzikuza. Ine ndimaona kuti pena anapyola muyeso, makamaka m'mitu yoyambirira. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulimbana nalo.

Tinasiya kope la bolopeni yofiira. Loweruka lililonse tinkangofunsana zinthu zitatu za munthu aliyense amene tayenda naye m'mutuwo: akufuna chiyani, akuopa ndani, wakhulupirira ndani. Zina zonse zosamveka tinkazilemba pa pepala limodzi limene aChisale analitcha la odikira, ngati mzere wa kuchipatala. Linafika pa mafunso 41. Pofika kumapeto kwa buku, 26 anali atayankhika okha popanda ife kuvutika nawo. Otsalawo ena ayankhidwa m'buku lachiwiri, ena akudikirabe. Ndikanadziwa njira imeneyi mu Epulo, sindikanataya miyezi itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo buku ili limafuna kudekha kwa mtundu umenewo mpaka mutadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukafika pamene asilikali aja alowa mu Darujhistan, nkhani ziwiri zija zimayamba kulukana, ndipo mayina amene munkawaiwala amakhala anthu.

Ngakhale aChisale anapezamo wawo. Muli munthu wina wonenepa, wokonda kudya, Kruppe, amene polankhula amadzitchula dzina ngati akunena za munthu wina, ndipo aliyense amamuyesa chitsiru. AChisale anati ameneyu ndi amalume awo enieni, aja amafika pa maliro n'kumalankhula zopanda mutu koma pomaliza ndi iwo akonza zonse. Mutu ukakhala ndi Kruppe ankalanda buku n'kufotokoza okha, akusintha mawu, mpaka aMbewe misozi ya kuseka.

Vuto lina linabwera ndi foni. Msuweni wanga atatopa ndi kudikira anagula mamegabayiti n'kufufuza dzina la munthu wina pa intaneti, kuti angodziwa kuti ndi wa mtundu wanji. Mzere woyamba umene unatuluka unali wonena za imfa ya munthuyo, imene imachitika m'buku lina kutsogolo. Loweruka anangozitulutsa pakamwa asanaganize. Tonse tinkamukonda munthu ameneyo. AMbewe anati, "Mwanawe, wandilanda chinthu," ndipo sabata yotsatira sanabwere. Mabukuwa anatha kulembedwa zaka zoposa 10 zapitazo, choncho chilichonse cholembedwa za iwo pa intaneti chimanena ndi mathero omwe. Musalembe dzina la munthu wa m'bukumo pa Google. Ngati mapu akusowa ngati mmene anasowera kwa ine, fufuzani mapu okhawo, ndipo amene afufuze akhale munthu wodziwa kutseka pakamwa.

Kwa Nangozo ndinapita mu Disembala, sukulu zitatsekera, pamodzi ndi mayi a kunyumba. Ndinatenga nkhuku. Sindinapite kukateteza buku, ndinapita kukapepesa mawu aja. Anandilandira, anatiphikira, ndipo potsanzikana anati, "Bukulo werengani, achimwene, ine si langa. Koma tsiku lija munandichititsa manyazi pamaso pa bambo wachikulire." Ku gulu sanabwererenso, ndipo sindinamukakamize. Ndimaona kuti maganizo ake pa bukuli ndi oyenera kulemekezedwa ngati a wina aliyense wa ife. Anawerenga mitu itatu mosamala kuposa ine, anaona chimene chili m'menemo, n'kusankha kuti sachifuna m'mutu mwake.

Tinamaliza mu Januwale 2023, mvula ikugwa pa malata moti wofotokoza ankachita kukuwa. Sitinagwirizane. AChisale anati kumapeto zinthu zimangotulukira paliponse, chilombo ichi, mphamvu iyo, nyumba yomera ngati mtengo, popanda chenjezo lokwanira, ndipo pamenepo ndinawavomereza. Msuweni wanga anati ndi buku labwino kuposa onse amene anawerengapo, ngakhale sanawerenge ambiri. AMbewe anangofunsa ngati asilikali aja adzalandire malipiro awo. Ine ndinabwerera ku tsamba loyamba usiku womwewo, ndipo zokambirana za kamnyamata ndi msilikali pa linga paja, zimene poyamba zinali phokoso chabe, zinandigwira pakhosi.

Kupeza buku lachiwiri kunali ulendo pawokha. Kuno kulibe sitolo ya mabuku otere, ku Tete ndinafunsa osalipeza. Ndinatumiza uthenga kwa m'bale wanga wa ku Johannesburg kuti andigulire "lotsatira lake", n'kutumiza ndalama kudzera kwa dalaivala wa thiraki wodutsa njira ya Cuchamano. Zonse pamodzi ndi kangachepe ka dalaivala zinakwana mametikali 1,800. Ndinadikira masabata 9. Litafika linali Memories of Ice, lomwe ndi lachitatu. M'bale wangayo sanalakwe. Anawerenga kumbuyo kwa chikuto n'kuona mayina a anthu omwe ndinkamuuza, chifukwa lachitatu ndi limene limabwerera kwa ambiri a iwo. Lachiwiri, Deadhouse Gates, la mu 2000, limasamukira ku dziko lina lotchedwa Seven Cities ndi anthu ambiri atsopano. Wolakwa ndinali ine posalemba dzina lenileni. Ndinatumizanso ndalama zina zonga zomwezo n'kudikira masabata ena 6. Ulendo uno dalaivala ankadzera ku Zóbuè, choncho ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kukamudikira pa mphambano ya Mussacama. Anati afika 10 koloko m'mawa, anafika dzuwa likulowa, ndipo ndinabwerera usiku pa lole ya makala. Mukamatuma munthu, lembani dzina la buku, la wolemba ndi nambala yake pa mndandanda, ndipo akutumizireni chithunzi cha chikuto asanalipire.

Tinayamba lachiwirili mu Julaye 2023, tili atatu ndi aMbewe, chifukwa msuweni wanga amabwera mwa apo ndi apo. Kalembedwe kake n'kokhazikika kuposa koyamba, ndipo aChisale avomereza zimenezi ngakhale monyinyirika. Ulendo uno ndinkaganiza kuti ndachenjera. Ndinali ndi mapu, mndandanda wa mayina, pepala la odikira. Koma ndinabwereza kulakwa komwe kuja, ndipo kunagwera munthu amene sindinamuganizire n'komwe.

Mbali yaikulu ya bukuli ndi ya mkulu wa asilikali, Coltaine, amene akuperekeza khamu la anthu othawa nkhondo kudutsa dziko louma kupita ku mzinda wa Aren, adani akuwatsata m'mbuyo ndi m'mbali. Zambiri timazionera m'maso a Duiker, nkhalamba yolemba mbiri imene ikuyenda nawo. Amayi anga amakhala nafe tsopano. Loweruka amakonda kukhala kumapeto kwa khonde akusenda nyemba kapena kutongola chimanga, ndipo ndinkangoti sakumvetsera. Tsiku limenelo ndinali ine wofotokoza. Ndinanena za ludzu, za anthu kutaya katundu mmodzimmodzi m'njira, za ana onyamulidwa ndi anthu amene si makolo awo, za kuwoloka mtsinje adani ali pafupi. Ndinafotokoza bwino, ndikudzimva kuti ndikufotokoza bwino. Kenako ndinamva lichero likugwa. Nyemba zinamwazika pa simenti. Amayi analowa m'nyumba osatola, chinthu chimene sanachitepo.

AMbewe ndi amene anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, lero tilekere pomwepa."

Usiku ndinawapeza atakhala pa mphasa m'chipinda chawo, nyali yozima. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko n'kupepesa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kulankhula za ulendo wa 1986. Ine ndimakumbukira zidutswa chabe: kuzizira, minga, kuuzidwa kuti ndisatsokomole. Iwo amakumbukira zonse. Anandiuza za mphika umene anausiya pansi pa mtengo tsiku lachiwiri chifukwa sakanatha kunyamula mphika ndi mwana. Anandiuza za mayi wina wosamudziwa amene anandibereka ine mtunda wautali mapazi anga atatupa, amene sanamuonenso ndipo dzina lake sanalifunse. Anatchulanso dzina la mlongo wanga wamng'ono, amene anali kumsana kwawo ulendo wonse n'kumwalira patangotha sabata tifikire ku Dedza. M'nyumba mwathu dzina limenelo linali lisanatchulidwe kwa zaka zoposa 30.

Ine ndinkaopa mayina ovuta ndi mawu osapezeka m'dikishonale, n'kumayesa kuti kulemera kwa mabukuwa kuli pamenepo. Kuno ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, nyumba zambiri zili ndi munthu amene anayendapo ulendo wonga wa anthu a Coltaine ndi mapazi ake. Musanafotokoze mbali imeneyi mokweza, yang'anani amene wakhala pafupi, ngakhale amene akuoneka ngati ali pa ntchito yake, ndipo muuzeni chimene chikubwera.

Ndinaganiza zosamutsira gulu kwa aChisale. Ndinawauza amayi Lachisanu kuti mawa sitikumana pano. Anafunsa chifukwa chake, ndipo nditawauza anapukusa mutu. Anati, "Anthu aja anafika?" Ndinati sitinafikepo, amayi, tatsala ndi mitu 6, ndipo ine sindinawerenge kutsogolo. Anati, "Musasamuke. Koma ukamafika pa ana uzindiuza kaye." Loweruka anatulutsa mpando wawo n'kuuika pafupi ndi mbaula, pakati pa aMbewe ndi aChisale, lichero analisiya kukhitchini.